Mmene Mungapezere Mabuku Odalirika a Mbiri ya Chisilamu

Anthu ambiri ofuna kudziwa mbiri ya Chisilamu amatsakamira pamalo amodzi. Amafufuza pa Google, kumabwera mabuku mazanamazana, amadzaza ma PDF m'foni, amawerenga masamba angapo a buku loyamba, mayina a mafuko ndi a makhalifa (atsogoleri a Asilamu amene analowa m'malo mwa Mtumiki) n'kuwazunguza mutu, basi n'kusiya. Ena amapirira mpaka kumapeto, koma buku lake ndi lolakwika: lolembedwa ndi munthu amene anakhalira pansi kuti anyoze Asilamu, kapena ndi wokometsera zonse amene nkhondo ngakhale za pachiweniweni amazilumpha ngati sizinachitike. Mabuku abwino alipo, ndipo ena mwa iwo ndi aulere. Amadziwika ndi chinthu chimodzi: amakuuzani kumene atenga nkhani yawo. Masitepe ali m'munsiwa akuthandizani kuwazindikira ndi kuwawerenga m'dongosolo loti musatope panjira. Ambiri mwa mabuku amene nditchule ndi a m'Chingerezi, ena anamasuliridwa kuchokera ku Chiarabu.

Zofunika kukhala nazo

- Kope lokhuthala ndi cholembera. Musadalire kukumbukira, mayina ake ndi ochuluka.
- Foni kapena kompyuta, ndi bandulo yokwanira kutsitsa mabuku angapo.
- Khadi la ku laibulale, ngati ilipo pafupi nanu.
- Mapu oonetsa Arabia, kumpoto ndi kum'mawa kwa Africa, Iraq, Iran ndi nyanja ya Indian Ocean.
- Dikishonale ya Chingerezi.
- Munthu mmodzi wowerenga kwambiri woti muzimufunsa, kaya ndi a shehe a pamzikiti panu kapena aphunzitsi a histole.

Sitepe 1: Lembani funso lanu pa tsamba loyamba la kope

Mbiri ya Chisilamu ndi ya zaka zoposa 1,400, ndipo inayala kuchokera ku Senegal mpaka ku Indonesia. Palibe buku limodzi limene lingaisenze yonse bwinobwino. Choncho musanayambe kusaka, lembani chimene mukufuna kudziwa m'chiganizo chimodzi. Kodi ndi moyo wa Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye? Kodi ndi mmene Asilamu a Sunni ndi a Shia anasiyanira? Kodi ndi mmene chipembedzochi chinafikira kwa Ayao ndi ku Nkhotakota? Funso lililonse lili ndi mabuku akeake.

Chenjezo: "ndikufuna kudziwa zonse" si funso. Mukayamba choncho, mudzagula buku lalikulu kwambiri m'sitolo ndipo lidzangokhala pashelefu.

Sitepe 2: Jambulani mzere wa zaka

Pa tsamba lachiwiri jambulani mzere wautali, n'kuikapo zaka izi: 622, msamuko wochoka ku Makkah kupita ku Madinah, 632, imfa ya Mtumiki, 632 mpaka 661, makhalifa anayi oyamba, Abu Bakr, Umar, Uthman ndi Ali, 661 mpaka 750, ufumu wa banja la Umayyad ku Damascus, 680, kuphedwa kwa Husayn, mdzukulu wa Mtumiki, ku Karbala, 711, kulowa kwa Asilamu mu Spain, 750 mpaka 1258, ufumu wa banja la Abbasid, umene unamanga Baghdad mu 762, 1258, a Mongol awononga Baghdad, 1453, a Ottoman alanda Constantinople, 1924, ukhalifa uthetsedwa ku Turkey. Dzina lililonse latsopano limene mukumane nalo muzilipachika pa mzere umenewu.

Chenjezo: mabuku ambiri amalemba zaka ziwiri limodzi, mwachitsanzo 656/1258. Yoyambayo ndi ya kalendala ya Hijri, imene inayamba mu 622 ndipo chaka chake chili ndi masiku pafupifupi 354. Mukapeza ya Hijri yokha, ichulukitseni ndi 0.97, kenako wonjezerani 622. Yesani ndi 656: mupeza 1258. Kuwerengeraku nthawi zina kumaphonya ndi chaka chimodzi, koma sikungakusocheretseni.

Sitepe 3: Dziwani mtundu wa buku limene lili m'manja mwanu

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, choncho tichedwepo.

Mtundu woyamba ndi mabuku akale, olembedwa ndi akatswiri a Chisilamu m'zaka mazana oyambirira. Ibn Ishaq, amene anamwalira cha m'ma 767, anasonkhanitsa mbiri ya moyo wa Mtumiki. Buku lake linatifika makamaka kudzera mwa Ibn Hisham, amene anamwalira mu 833, ndipo mwiniwakeyo ananena poyera kuti anachotsamo zinthu zina, monga ndakatulo zokayikitsa ndi nkhani zimene zikanakhumudwitsa anthu ena. Al-Tabari, amene anamwalira ku Baghdad mu 923, analemba mbiri yoyambira pa kulengedwa kwa dziko mpaka nthawi yake. Palinso al-Waqidi pa nkhondo za Mtumiki, Ibn Sa'd pa mbiri za maswahaba (otsatira a Mtumiki amene anakhala naye), ndi al-Baladhuri pa kulandidwa kwa mayiko. Wolemba aliyense wa masiku ano, akhale Msilamu, Mkhristu kapena wosapembedza, amatunga kwa anthu amenewa.

Mtundu wachiwiri ndi mabuku amakono olembedwa ndi okhulupirira pofuna kuphunzitsa ndi kulimbikitsa. Chitsanzo chodziwika ndi The Sealed Nectar, lomasuliridwa kuchokera ku Ar-Raheeq Al-Makhtum la Safiur Rahman Mubarakpuri wa ku India, limene linapambana mpikisano wa Muslim World League kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. China ndi Muhammad: His Life Based on the Earliest Sources la Martin Lings, Mngelezi amene analowa Chisilamu, lotuluka mu 1983. Mabuku awa amakuonetsani mmene Asilamu eni amaidziwira ndi kuikondera mbiri yawo, ndipo popanda kudziwa zimenezo simungamvetse chifukwa chake anthu anasiya kwawo, chuma chawo ndi abale awo n'kutsatira Mtumiki.

Mtundu wachitatu ndi mabuku a akatswiri a m'mayunivesite. Iwo amafunsa mafunso ena: nkhaniyi inalembedwa liti, ndi yani, ankalamula ndani nthawi imeneyo, ndipo ndalama zachitsulo, miyala yolembedwa ndi makalata akale zikuti chiyani. Mwa iwo muli Asilamu ndi osakhala Asilamu.

Mitundu itatu yonseyi ndi yofunika. Chimene chimawononga ndi kuyembekeza ntchito ya mtundu wina kwa unzake. Musapite kwa Mubarakpuri kukafuna mtsutso wa akatswiri pa zaka, ndipo musapite kwa pulofesa wa ku Chicago kukafuna ulaliki wa Lachisanu. Pachikuto cha mkati cha buku lililonse, kapena m'kope mwanu, lembani 1, 2 kapena 3 musanayambe kuwerenga.

Sitepe 4: Yambani ndi buku laling'ono lofotokoza zonse mwachidule

Sankhani limodzi lokha. Islamic History: A Very Short Introduction la Adam Silverstein, la 2010, silifika masamba 200. Islam: A Short History la Karen Armstrong, la 2000, ndi losavuta kuwerenga ngakhale limathamanga m'malo ena. Destiny Disrupted la Tamim Ansary, wobadwira ku Afghanistan, la 2009, limakamba ngati nthano ndipo n'labwino kwa amene Chingerezi cha m'kalasi chimamutopetsa.

Mabuku aakulu asungireni mtsogolo. A History of Islamic Societies la Ira Lapidus, lotuluka koyamba mu 1988, lili ndi masamba pafupifupi 1,000, ndipo ntchito yake ndi yotsegula mutu umene mukufuna, osati kuliwerenga kuyambira tsamba 1. The Venture of Islam la Marshall Hodgson, mavoliyumu atatu amene anasindikizidwa mu 1974 mwiniwake atamwalira kale, ndi lozama kwambiri, ndipo kwa ine ndi limodzi mwa mabuku opambana pa nkhaniyi, koma woyamba kumene limamugwetsa ulesi sabata yoyamba.

Chenjezo: A History of the Arab Peoples la Albert Hourani, la 1991, ndi buku lokoma, koma ndi mbiri ya Aarabu. Asilamu ambiri pa dziko lapansi si Aarabu. Ali m'mayiko monga Indonesia, Pakistan, India, Bangladesh ndi Nigeria.

Sitepe 5: Liyeseni buku musanaligule kapena kulitsitsa

Yambirani kumbuyo, monga mmene timatembenuzira malaya pa kaunjika kuti tione msoko. Onani zinthu izi:

Kumapeto kuli mndandanda wa mabuku amene wolemba anagwiritsa ntchito? Ngati kulibe, libwezeni. Ngati ulipo, muli mayina monga al-Tabari, Ibn Hisham ndi al-Baladhuri, kapena muli masamba a pa intaneti okhaokha?

Tsegulani pakati, sankhani ndime imene ikutchula chiwerengero cha asilikali kapena mawu amene munthu wina ananena. Pali kanambala kolozera kumene mawuwo achokera? Tsatirani kanambala kamodzi mpaka mupeze dzina la buku ndi tsamba lake.

Wolembayo ndi ndani? Lembani dzina lake pa Google Scholar. Onani ngati amadziwa Chiarabu, Chiperisiya, Chituruki kapena Chiswahili, malinga ndi dera limene akulemba. Munthu wolemba za Baghdad wa zaka za m'ma 800 osatha kuwerenga Chiarabu akungobwereza zimene anamva kwa ena.

Wosindikiza ndi ndani? Oxford, Cambridge, Chicago, Edinburgh, Brill ya ku Leiden, Oneworld ndi Islamic Texts Society ndi mayina amene mungayambire. Sikuti zonse zimene amatulutsa ndi zoona, koma buku limadutsa m'manja mwa anthu odziwa lisanatuluke.

Pomaliza werengani mawu oyamba. Wolemba wabwino amanena malire a buku lake ndiponso amatchula anthu amene sagwirizana naye popanda kuwatukwana.

Chenjezo: samalani ndi mitu yolonjeza "chinsinsi chimene anakubisirani" kapena "choonadi chenicheni". Samalaninso ndi timabuku totchipa ta pa intaneti topanda mbiri ya wolemba. Tina timalembedwa ndi makina ndipo timatchula mabuku amene kulibe.

Sitepe 6: Pa nkhani iliyonse yovuta, werengani mabuku awiri

Tsopano bwererani ku funso lanu la pa sitepe 1, ndipo sankhani mabuku awiri ochokera mbali zosiyana.

Ngati funso lanu ndi moyo wa Mtumiki, ikani Lings kapena Mubarakpuri pambali pa Muhammad at Mecca ndi Muhammad at Medina, a 1953 ndi 1956, olembedwa ndi W. Montgomery Watt, wansembe wa ku Scotland amene ankaphunzitsa ku Edinburgh. Watt amafufuza kwambiri za malonda ndi ndale za mafuko a ku Makkah, zimene mabuku a chikhulupiriro amangozikhudza pang'ono.

Ngati funso lanu ndi mkangano wa amene anayenera kulowa m'malo mwa Mtumiki, werengani The Prophet and the Age of the Caliphates la Hugh Kennedy, la 1986, kenako The Succession to Muhammad la Wilferd Madelung, la 1997, limene limapereka mpata waukulu ku mbali ya Ali. Nkhani za nkhondo ya Siffin mu 657 ndi za Karbala zimapweteka mitima mpaka lero, ndipo amene wawerenga mbali imodzi yokha amalankhula molimba mtima kuposa mmene umboni ukulolera.

Gawani tsamba la kope pakati. Kumanzere lembani zimene buku loyamba likunena pa chochitika chimodzi, kumanja za lachiwiri, ndipo pansi lembani buku lakale limene aliyense watchula. Nthawi zambiri mudzapeza kuti onse awiri atunga pa tsamba limodzi la al-Tabari, koma wina wasankha nkhani yoyamba, wina yachiwiri.

Chenjezo: mudzakumana ndi anthu otchula Hagarism la Patricia Crone ndi Michael Cook, la 1977, ngati umboni womaliza. Bukulo linayesa kulemba chiyambi cha Chisilamu podalira zolemba za anthu osakhala Asilamu, ndipo akatswiri ambiri sanavomereze mfundo zake zikuluzikulu. Ngati mukufuna kuona mtsutso umenewu mwaulemu ndi mosavuta, yambani ndi Muhammad and the Believers la Fred Donner, la 2010, podziwa kuti nayenso ali ndi omutsutsa.

Sitepe 7: Tsegulani mabuku akale, koma dziwani kawerengedwe kake

Ibn Ishaq ali m'Chingerezi pa mutu wakuti The Life of Muhammad, womasulira Alfred Guillaume, 1955. Al-Tabari anamasuliridwa ndi gulu la akatswiri, ndipo State University of New York Press inamutulutsa m'mavoliyumu 39, ndi ina ya nambala 40 ya mlozera. Musawafune onse. Pezani imodzi yokha yokhudza zaka zimene mukuwerenga.

Mukatsegula tsamba la al-Tabari, nkhani siyamba nthawi yomweyo. Pamayamba mndandanda wa anthu: anandiuza uje, amene anamva kwa uje, amene anamva kwa uje amene analipo. Umenewu ndi isnad. Ikatha nkhaniyo, pamabwera mndandanda wina ndi nkhani ina ya chochitika chomwecho, nthawi zina yotsutsana ndi yoyamba ija. Al-Tabari sanalakwitse. M'mawu ake oyamba anachenjeza kuti iye akupereka zimene zinamufika, ndipo ngati wowerenga apeza chonyansa kapena chosamveka, adziwe kuti chachokera kwa amene anamuuza. Choncho munthu akakuuzani kuti "zili mu al-Tabari", mufunseni kuti wanena ndani mu isnad. Mwachitsanzo, nkhani zambiri za nthawi ya makhalifa oyamba anazitenga kwa Sayf ibn Umar, munthu amene akatswiri a hadith (nkhani za zimene Mtumiki ananena ndi kuchita) ankamuona kuti ndi wosadalirika. Kuti mumvetse mmene akatswiriwo ankayezera anthu opereka nkhani, buku la Jonathan Brown lotchedwa Hadith: Muhammad's Legacy in the Medieval and Modern World, la 2009, ndi poyambira pabwino.

Werenganinso masamba oyambirira a Muqaddimah ya Ibn Khaldun, wobadwira ku Tunis, imene analemba mu 1377 ndipo Franz Rosenthal anaimasulira mu 1958. Iye amadzudzula olemba mbiri amene amameza ziwerengero osatafuna. Amatenga nkhani yakuti Musa anali ndi asilikali 600,000 m'chipululu, n'kufunsa kuti gulu lotere likanaima pati pomenya nkhondo, pamene ufumu waukulu wa Persia unasonkhanitsa 120,000 okha pa nkhondo yake ndi Asilamu ku Qadisiyya. Kafunsidwe kameneka mukatengere ku buku lina lililonse.

Sitepe 8: Ngati funso lanu ndi la kuno kwathu

Mabuku ambiri ofotokoza zonse amaipatsa Africa masamba ochepa, ngakhale Asilamu oyamba kuthawa mazunzo ku Makkah anakabisala ku Abyssinia (dera la Ethiopia) cha m'ma 615, msamuko wa ku Madinah usanachitike. Yambani ndi The History of Islam in Africa, lokonzedwa ndi Nehemia Levtzion ndi Randall Pouwels mu 2000. Mutu wa Edward Alpers m'bukumo ukukamba za dera lathu lino. Voliyumu yachitatu ya General History of Africa ya UNESCO ikufotokoza zaka za m'ma 600 mpaka m'ma 1000, ndipo imapezeka mwaulere pa tsamba la UNESCO. Ibn Battuta, woyenda maulendo wa ku Morocco, anafika ku Mombasa ndi ku Kilwa mu 1331 ndipo anafotokoza zimene anaona.

Za Malawi, funani Malawi's Muslims: Historical Perspectives, lokonzedwa ndi David Bone m'gulu la mabuku a Kachere mu 2000. Funaninso Chiikala cha Wayao la Yohanna Abdallah, Myao amene anali wansembe wa Anglican, lotuluka mu 1919 m'Chiyao ndi m'Chingerezi. Ivory and Slaves in East Central Africa la Alpers, la 1975, likufotokoza njira za malonda zimene zinalumikiza nyanja ya Malawi ndi Kilwa ndi gombe la Mozambique. M'mabuku otere mudzakumana ndi Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba amene anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndi mfumu Makanjira amene analowa Chisilamu cha m'ma 1870.

Chenjezo: zambiri za nthawi imeneyo zinalembedwa ndi amishonale ndi akuluakulu a boma la atsamunda, amene ankalimbana ndi mafumu omwewo. Mwachitsanzo Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anachita nawo nkhondo m'zaka za m'ma 1890. Muziwerenga zolemba zawo mukudziwa zimenezo. Komanso buku limene likubisa malonda a akapolo pofuna kuteteza dzina la chipembedzo likukunamizani. Ndipo pa nkhani ya kwathu, mabuku sanalembe zonse: akuluakulu a ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota amasunga mayina a mashehe amene anaphunzitsa makolo awo ndi kumene anakaphunzira. Safunsa anadya phula. Pitani ndi kope lanu, mupemphe chilolezo, mulembe.

Sitepe 9: Kumene mungawapeze

Pa archive.org tsegulani akaunti yaulere. Mabuku akale kwambiri, monga al-Baladhuri womasuliridwa ndi Philip Hitti mu 1916, mungawatsitse. Ena amabwerekedwa n'kuwerengera pomwepo. Google Books imaonetsa masamba ena, okwanira kuchita mayeso a pa sitepe 5. Akaunti yaulere ya JSTOR, tsamba losunga nkhani za akatswiri, imalola kuwerenga nkhani zingapo mwezi uliwonse, kuphatikizapo za mu The Society of Malawi Journal ndi nkhani ya Bone ya 1982 mu Journal of Religion in Africa. Odziwa Chiarabu ali ndi al-Maktaba al-Shamila, laibulale ya pa intaneti ya mabuku a Chiarabu.

Amene muli ku Malawi, funsani ku nthambi ya National Library Service, ku laibulale ya University of Malawi ndi ku National Archives ku Zomba, komanso ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Pitani mutalemba dzina la wolemba, mutu ndi chaka pa kapepala. Amene muli kunja, WorldCat ikuuzani laibulale yapafupi imene ili ndi bukulo, ndipo mabuku a Kachere amagulitsidwanso kudzera ku African Books Collective.

Chenjezo: dzina limodzi limalembedwa mosiyanasiyana. Mukalephera ndi Makkah yesani Mecca, mukalephera ndi al-Tabari chotsani "al-", ndipo Umayyad mabuku akale amalemba Omayyad.

Zolakwitsa zimene zimachitika kawirikawiri

Kudzaza foni ndi ma PDF n'kumaona ngati mwaphunzira. Musatsitse buku lachitatu musanamalize loyamba.

Kukhulupirira chithunzi cha tsamba chimene chatumizidwa pa WhatsApp. Funsani mutu wa buku, voliyumu ndi nambala ya tsamba, kenako werengani tsamba lapambuyo ndi lapatsogolo pake. Kawirikawiri chiganizo chotsatira chimasintha tanthauzo lonse.

Kukana buku chifukwa cha chipembedzo cha wolemba, kapena kulivomera pa chifukwa chomwecho. Yang'anani umboni wake.

Kutenga chigamulo cha chipembedzo m'buku la mbiri. Zimene khalifa wina anachita ku Damascus si lamulo la Chisilamu. Mafunso a halal ndi haram apite kwa mashehe.

Kudalira mabuku a Azungu a zaka za m'ma 1800 chifukwa choti ndi aulere. Ambiri analembedwa zolemba zambiri zakale zisanasindikizidwe, ndipo ena ali ndi chipongwe cha nthawi ya atsamunda.

Kuwerenga za nkhondo ndi mafumu zokhazokha. Mukamaliza mabuku awiri a ndale, lachitatu likhale la amalonda, akazi, madokotala, ma Sufi (Asilamu otsindika moyo wauzimu) kapena magulu a akatswiri a malamulo a Chisilamu.

Kuiwala kulemba tsamba. Mfundo iliyonse imene mwakopera m'kope ikhale ndi dzina la wolemba, chaka ndi nambala ya tsamba pambali pake, chifukwa masamba a PDF nthawi zambiri sagwirizana ndi a buku losindikizidwa. Lembani nambala imene yasindikizidwa pa tsambalo.